Nyambo za coding pa masamba a mchezo: wodyedwa ndi wamalonda

Foni ya wamalonda masiku ano ndi chida cha ntchito, chimodzimodzi sikelo ndi kope la ngongole. Ndi pomwe amafunsira mtengo wa belo la kaunjika asadanyamuke kukaoda, ndi pomwe amalandirira ndalama za pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo ndi pomwe amatumizira makasitomala zithunzi za katundu watsopano. Koma pafoni yomweyo pafika malonda ena amene akudya mpamba wa anthu mwakachetechete. Awa ndi mauthenga ndi timakanema ta pa Facebook, TikTok ndi X tolonjeza kuphunzitsa coding, ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ndi a foni.

Amene amatsegula masamba a mchezo aonapo zoterezi. Wina amaika timizere tinayi ta pulogalamu n'kulemba kuti anthu 99 mwa 100 alephera kupeza yankho. Wina amati aliyense alembe mawu akuti PDF m'ndemanga kuti amutumizire buku laulere. Wina akufuula kuti chilankhulo chakutichakuti cha kompyuta chafa, winanso akuti m'masiku 30 munthu akhala katswiri wolandira madola ali kuchipinda. Ena alowera kwa amalonda enieni, ati wogulitsa wopanda app yakeyake chaka chino bizinesi yake yatha.

Zambiri mwa izi si maphunziro, ndi nyambo. Ndipo nkhaniyi ndi ya gawo la malonda chifukwa nthawi zambiri wolipira bandulo amakhala mayi wa pa benchi ya tomato kapena bambo wa okala, amene mwana wake adalemba mayeso a Fomu 4 ndipo ali pakhomo kufunafuna chochita. Makolo oterewa akamva kuti mwana akuphunzira za kompyuta pafoni amatapa pa phindu la tsikulo mosanyinyirika. Ayenera kudziwa chimene akugula.

Amene akugulitsidwa ndani?

Kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, imapeza pafupifupi ndalama zake zonse kuchokera kwa otsatsa malonda. Katundu amene imagulitsa kwa otsatsawo ndi maso a anthu komanso nthawi yawo. Munthu akakhalitsa pa tsambalo, amaona zotsatsa zambiri, kampani n'kupindula. N'chifukwa chake makina osankha zoti munthu aone amakweza uthenga umene anthu akuuyankha, kuugawa ndi kukanganirapo. Makinawo amawerenga kuchuluka kwa ndemanga, koma kuti adziwe ngati wina waphunzirapo kanthu, zimenezo sangathe.

Eni ake masambawa vutoli amalidziwa. Mu December 2017 Facebook idalengeza kuti iyamba kutsitsa mauthenga opempha anthu kuti avote, agawe, atchule anzawo, adine chizindikiro kapena alembe mawu enaake m'ndemanga pongofuna kuti uthengawo ufalikire. Koma mwezi wotsatira, mu January 2018, mkulu wa kampaniyo Mark Zuckerberg adalengeza kusintha kwina kokweza mauthenga amene anthu akukambirana kwambiri. Zikalata zimene Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito ku Facebook, adatulutsa mu 2021 zidaonetsa kuti kuyambira 2017 makina a kampaniyo ankawerengera chizindikiro cha nkhope, ngakhale chaukali, mphamvu kasanu kuposa kungodina kuti wakonda. Kampaniyo idadzachepetsa mphamvu ya chizindikiro chaukalicho, koma opanga nyambo adali ataphunzira kale kuti mkwiyo umayenda malonda.

Ku X, yomwe kale inkatchedwa Twitter, zidafika poyera mu July 2023, pamene kampaniyo idayamba kugawira ena mwa olemba mauthenga ndalama za zotsatsa zooneka pakati pa mayankho. Apa yankho lililonse lidasanduka ndalama, kaya ndi loyamikira kaya ndi lotukwana. Khalidweli lafala moti a Oxford University Press adasankha mawu akuti rage bait, kutanthauza nyambo yoputa mkwiyo, kukhala mawu a chaka cha 2025.

Choncho wamalonda akaona uthenga wa coding uli ndi ndemanga zikwizikwi asamayese kuti ndi umboni wa ubwino wake. Pamsika, chigulu cha anthu chimasonkhana pomwe pabuka ndewu kuposa pomwe pali katundu wabwino, ndipo palibe amene amabwerako ndi ndiwo.

Chifukwa chake coding imakoma pa mbedza

Nkhani za mapulogalamu zimagwira msanga pa zifukwa zitatu. Choyamba, anthu odziwa ntchitoyi sapirira akaona cholakwika. Wopanga nyambo amaika dala pulogalamu yolakwika, akatswiri n'kukhamukira kudzakonza, uthenga n'kukwera. Pa intaneti pali mwambi wotchedwa lamulo la Cunningham, woti njira yachangu yopezera yankho lolondola si kufunsa funso koma kulemba yankho lolakwika. Tsoka lili kwa wophunzira watsopano amene waloweza cholakwikacho osawerenga ndemanga zokonza.

Chachiwiri, zilankhulo za kompyuta zili ndi ochemerera ake ngati matimu a mpira. Kungofunsa kuti chabwino n'chiti pakati pa Python ndi JavaScript, mkangano wake umafanana ndi wa Bullets ndi Wanderers m'minibasi. Chitsanzo chodziwika ndi PHP, chilankhulo chimene Rasmus Lerdorf adatulutsa mu 1995. Chaka ndi chaka pamapezeka wolengeza maliro ake, chikhalirecho WordPress, yomwe idalembedwa m'chilankhulo chimenechi, ikuyendetsa masamba a pa intaneti oposa 40 pa 100 aliwonse. Mwana amene amasiya zomwe amaphunzira nthawi iliyonse akamva kuti zafa amatha chaka akungoyamba, ngati wamalonda amene lero ali pa usipa, mawa pa nsapato, mkuja pa makala, osakhazikika pena pake kuti makasitomala amuzolowere.

Chachitatu ndi mantha ndi chiyembekezo. Ntchito zikusowa, ndipo kuchokera pamene kwacha idagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, mawu oti madola amalowa m'khutu ngati nyimbo. Uthenga wina ukuti luntha la makina, lija akuti AI, lilanda ntchito zonse za coding, ndiye kuphunzira n'kutaya nthawi. Uthenga wotsatira ukuti ndi AI yomweyo aliyense apanga app usiku umodzi n'kulemera. Mauthenga awiriwa akutsutsana, koma mbedza yake ndi imodzi, ndipo nthawi zina wolemba wake amakhala yemweyo.

Mtengo wa zinthu zaulere

Wamalonda weniweni sakhulupirira mawu oti ulere, chifukwa amadziwa kuti ngakhale basela adaiwerengera kale pa mtengo wa mulu. Nyambo za coding nazo zili ndi mtengo wake.

Woyamba ndi bandulo. Makanema amadya data kuposa china chilichonse pafoni. Mwachitsanzo, ngati banja likuononga K1,000 patsiku pa bandulo yoonera timakanemati, pamwezi yakwana K30,000, pachaka yadutsa K360,000. Aliyense aikepo mtengo umene iye amalipira, kenako ayerekeze ndalamayo ndi mpamba wa bizinesi yake kapena ndi fizi ya kosi yeniyeni.

Wachiwiri ndi nthawi. Kasitomala amene wafika pa benchi n'kupeza wogulitsa wazyolikira pafoni sadikira, amadutsa n'kukagula kwa woyandikana naye. Ndalama yotayika motere siioneka m'kope, koma madzulo thumba limapepuka.

Wachitatu ndi nambala ya foni. Uja wonena kuti alembe PDF m'ndemanga nthawi zambiri sayankha yekha, amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga ManyChat otumiza uthenga okha kwa aliyense amene walemba mawuwo. Ndemanga imakweza uthenga wake, kenako wolembayo amapemphedwa nambala kapena imelo asadalandire bukulo. Kwa wamalonda, nambala imeneyo ndi yomwe ili ndi ndalama za bizinesi. Akuba a pafoni, aja otumiza uthenga woti ndalama ija itumizidwe pa nambala iyi, chimene amafuna poyamba ndi nambala za anthu amene aonetsa kale kuti amakopeka msanga. Si onse opereka mabuku amene ali akuba, koma nambala ikachoka m'manja mwa mwini wake, palibe wodziwa komwe ikathere.

Wachinayi ndi fizi. Njira yake ndi yodziwika: kanema waulere, gulu la WhatsApp laulere, kenako kosi yolipira yomwe akuti malo atsala ochepa ndipo mtengo ukwera pakati pa usiku. Makolo ena amafika pokatenga ngongole ku banki m'khonde kapena katapila kuti mwana asaphonye mwayi. Zimene amalandira nthawi zambiri ndi makanema omwe aja opezeka kwaulere kwina, ndi satifiketi yoti palibe bwana amene angaiyang'ane kawiri.

Mtengo wachisanu ndi wowawa kuposa yonse, ndiwo kutaya mtima. Mwana amene wauzidwa kuti anzake akumaliza m'masiku 30, akaona miyezi itatu yatha asadapange kanthu, amadziyesa mbuli n'kusiya. Chikhalirecho ntchitoyi njochedwa kwa aliyense. Katswiri wina wa makompyuta, Peter Norvig, yemwe adakhalapo mkulu wa kafukufuku ku Google, adalemba nkhani yodziwika kwambiri yodzudzula mabuku olonjeza kuphunzitsa coding m'maola kapena masiku ochepa, ndipo iye adati kuzama pa luso limeneli kumatenga zaka pafupifupi khumi. Telala sasoka suti sabata yoyamba, ndipo makanika sapatsidwa injini tsiku lomwe wafika pa galaja.

Mbali inayo nayo imveke

Wina atha kunena kuti kukopa anthu si tchimo, popeza msika wonse umayendera kufuula. Wa kaunjika amaimba nyimbo pa mulu wake, woitanira minibasi amalumbira kuti kwatsala munthu mmodzi. Opanga makanema nawonso akufuna kudya, ndipo alipo achinyamata amene chidwi chawo pa makompyuta chidayambira pa kakanema ka mphindi imodzi. Zonsezi n'zoona, ndipo pa masamba omwewo alipo aphunzitsi okhulupirika amene amafotokoza zinthu bwino popanda kukokomeza.

Koma kusiyana kulipo. Wa kaunjika akafuula, malaya amakhala ali pamulu, wogula amawagwira, kuwatembenuza, kuyang'ana ngati ali ong'ambika, kenako n'kunenerera. Kufuula kwake kumathera pa katundu. Wa nyambo kufuula kwake kumathera pa kufuula komweko, chifukwa malipiro ake amabwera pamene anthu aima n'kuyankha, osati pamene aphunzira. Wophunzira akamvetsa zinthu n'kuchoka kukagwira ntchito, kwa wa nyambo kumeneko n'kuluza kasitomala. Ichi n'chifukwa chake kanema aliyense amathera pa lonjezo la gawo lachiwiri. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene bizinesi yaing'ono ikufunadi

Kwa wamalonda amene akuopsezedwa kuti popanda app watsalira, funso loyamba likhale lakuti vuto lake lenileni n'chiyani. Ambiri chimawasautsa ndi kusadziwa phindu lenileni, kusakaniza ndalama ya bizinesi ndi ya pakhomo, ndi kuiwala amene adatenga katundu pangongole. Mavuto atatuwa safuna coding. Kope la mizere inayi limakwana: katundu wolowa ndi mtengo woodera, katundu wotuluka ndi mtengo wogulitsira, zolipira za tsikulo monga thiransipoti ndi chiphaso cha msika, ndi ngongole. Amene waoda katundu wa K80,000, walipira K6,000 yonyamulira ndi K4,000 ya zina ndi zina, n'kugulitsa zonse K105,000, phindu lake ndi K15,000, osati K25,000. App iliyonse ingamuuze zomwezo, pokhapokha ngati iye walemba manambala olondola.

Bizinesi ikakula, zida zaulere zilipo kale. Google Sheets ndi Excel zimaphatikiza zokha manambala ndipo zimagwira pafoni. WhatsApp Business, yomwe idatuluka mu January 2018, imalola wogulitsa kuika mndandanda wa katundu ndi zithunzi ndi mitengo, kulemba nthawi yotsegulira, ndi kusiyanitsa makasitomala amene alipira ndi amene sadalipire. Mwana wa pakhomo amene angakonzere mayi ake zinthu ziwirizi wachita ntchito yaphindu kuposa amene wayankha mafunso a nyambo chikwi.

Ndipo wina akabwera kuti apangira bizinesi app kapena tsamba la pa intaneti, wamalonda achite naye monga amachitira ndi mmisiri aliyense. Aonetse ntchito imene adagwirapo ikugwira, atchule amene adawapangira kuti akafunsidwe, anene ndalama zolipira chaka ndi chaka kuti tsambalo lisatsekedwe, ndipo malipiro akhale a m'magawo, ntchito ikamaoneka.

Kwa mwana wofunadi kuphunzira

Palibe chifukwa chomuletsera mwana coding, ndi luso labwino. Chofunika ndi kumuchotsa pa mbedza n'kumuika panjira. Maphunziro aulere enieni alipo. CS50 ya yunivesite ya Harvard, yophunzitsidwa ndi David Malan, imapezeka kwaulere pa intaneti ndipo ili ndi ntchito zoti wophunzira achite pa gawo lililonse. freeCodeCamp, yomwe Quincy Larson adayambitsa mu 2014, imaphunzitsa kwaulere ndipo wophunzira amalemba yekha mapulogalamu kuyambira tsiku loyamba. Maphunziro ake ambiri ndi owerenga, choncho sadya bandulo ngati makanema. Kuno kumudzi, maphunziro a makompyuta amapezeka ku MUBAS, MUST, Mzuzu University, University of Malawi ndi NACIT, ndipo ku Lilongwe kuli mHub, malo amene Rachel Sibande adayambitsa pofuna kuthandiza achinyamata pa luso la makono.

Kholo silifunika kudziwa kompyuta kuti liyeze ngati bandulo ikubala zipatso. Pakutha pa sabata lifunse funso limodzi: wapanga chiyani, tione? Wophunzira weniweni amakhala ndi choonetsa, ngakhale kapulogalamu kophatikiza mitengo ya zinthu zisanu. Amadandaulanso kuti china chake chikumukanika, chifukwa ntchitoyi gawo lake lalikulu ndi kufufuza zolakwika. Wodya nyambo amangofotokoza za anthu olemera amene wawaona pa kanema, ndipo sabata iliyonse amabwera ndi dzina la chilankhulo chatsopano. Choonadi china chimene a nyambo sanena n'choti pafoni pokha munthu amangoyambapo. Wofuna kupita patali adzafunika kompyuta, kaya yogula yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya yobwereka. Ndalama imene ikuthera pa timakanema ikadasungidwa ikadayamba kuyandikira kumeneko.

Zizindikiro za nyambo

Uthenga wopempha ndemanga usadapereke chomwe walonjeza ndi nyambo. Wotchula masiku owerengeka ndi madola ambiri koma osatchula ntchito yoti munthu akhetsere thukuta ndi nyambo. Wolengeza kuti chinthu chafa kapena kuti onse ochita mwakutimwakuti ndi zitsiru ukufuna mkangano. Wothamangitsa munthu kuti alipire lero lomwe ndi wofanana ndi wogulitsa amene sakufuna kuti thumba litsegulidwe. Ndipo aliyense wopempha nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, kapena manambala obwera pa uthenga wotsimikizira, ndi wakuba basi.

Mankhwala ake ndi osavuta koma amafuna kudziletsa: osayankha. Ngakhale ndemanga yodzudzula imadyetsa mwini nyambo, chifukwa makina amangowerenga kuti pabwera ndemanga ina. Pa Facebook ndi TikTok pali podina posonyeza kuti munthu sakufuna kuona zotere, ndipo kudina pamenepo kangapo kumachepetsa zinyalala zobwera pafoni.

Amalonda asatengere

Khalidweli layamba kulowerera pakati pa amalonda eni ake. Ena aona kuti nyambo ikukoka anthu, ndiye nawonso akuika chithunzi cha nsapato popanda mtengo n'kulemba kuti mtengo ku inbox, kapena kulonjeza mphatso kwa amene atchule anzake khumi. Ndemanga zimabweradi, koma ambiri mwa oyankhawo si ogula. Wogula weniweni, amene ndalama ili m'manja, akapanda kuona mtengo amaganiza kuti wogulitsa akufuna kuyamba wamuyeza kaye thumba, ndiye amapita kwa amene walemba zonse poyera. Uthenga wogulitsa bwino umakhala ndi chithunzi chenicheni cha katunduyo, mtengo, saizi kapena muyezo, malo opezekera ndi nambala yoimbira. Ukhoza kupeza ndemanga zitatu zokha, koma ziwiri mwa izo zikhala za anthu ofunsa kuti atumize bwanji ndalama.

Wamalonda amadziwa kale kusiyanitsa odzaona ndi odzagula, amadziwa kugogoda chivwende asadalipire, ndipo salola sikelo ya mnzake asadaiyang'ane. Nzeru yomweyo ndi imene ikufunika pafoni. Bandulo ndi katundu woodedwa ndi ndalama ya mpamba, ndiye ilembedwe m'kope pamodzi ndi thiransipoti ndi chiphaso, ndipo pakutha pa mwezi ionetse chimene yabweretsa. Ikalephera kuonetsa, ichotsedwe pa mndandanda monga amachitira ndi katundu aliyense wosayenda malonda.